Gombe Lathu ndi Shire: Phunziro la Kujambula Pamanja

(Valimba zikulira. Zitsike pang'onopang'ono, muulutsi ayambe.)

MUULUTSI: Amene muli kudimba mwakoleka wailesi panthambi ya msangu, amene mwathawira dzuwa pansi pa bwemba, amene mukusoka ukonde pakhonde, takulandirani ku pulogalamu yathu ya maphunziro a zaluso. Lero tili kwa Kasisi m'boma la Chikwawa, ndipo nkhani yathu ndi ya kujambula. Sitikunena kujambula ndi foni kapena kamera ayi. Tikunena kujambula pamanja: munthu kukhala pansi, kuyang'ana mtsinje, mitengo ndi mapiri, n'kuziika papepala ndi pensulo, khala kapena utoto.

Ndiyambe ndi chinthu chimene makolo ndi aphunzitsi mukuchidziwa. Tsegulani kumapeto kwa kope la mwana wodziwa kujambula. Mupezamo galimoto zamakono, osewera mpira a kunja, nyumba zosanjikizana zimene anaziona pakalendala. Dzanja ndi labwino, mizere ndi yowongoka. Koma mukamufunsa kuti, "Nanga bwanji sujambula zakwanu kuno?" amayankha kuti, "Kuno kulibe chojambula, kuli fumbi ndi dzuwa basi." Yankho limeneli limandipweteka mtima, chifukwa mwanayo wakulira m'chigwa chimene anthu ochokera kutali akhala akuchijambula kwa zaka zoposa 150. Lero tikambirane funso lake lenileni, limene wojambula aliyense amakumana nalo: ndijambule chiyani, nanga chilakolako chojambula chimachokera kuti?

(Valimba pang'ono.)

MUULUTSI: Tiyambe ndi ulendo wa kutali. Ku England, m'chigawo cha Cornwall, kuli tauni ya asodzi yotchedwa St Ives, m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Kuyambira chaka cha 1938 kumeneko kuli sukulu yophunzitsa kujambula, dzina lake St Ives School of Painting. Mpaka lero anthu amalipira ndalama, n'kuyenda mtunda wautali, kuti akakhale masiku angapo ndi mphunzitsi pafupi ndi nyanja. Chimene chimawakokera kugombe n'chakuti pamadzi palibe chimene chimakhala chimodzimodzi. Dzuwa likasendera pang'ono, mtundu wa madzi wasintha. Mphepo ikawomba, chithunzithunzi cha boti chasweka. Munthu amakakamizika kuyang'anitsitsa, ndipo poyang'anitsitsapo m'pamene dzanja limayamba kuyabwa.

M'tauni yomweyo munali nkhalamba ina, Alfred Wallis, imene inagwirapo ntchito panyanja. Iyeyu sanapite kusukulu ya zojambula. Anayamba kujambula ali ndi zaka pafupifupi 70, mkazi wake atamwalira. Ankatola zidutswa za makatoni, n'kumapakapo penti wa maboti. Ankajambula maboti a matanga amene anawaona ali mnyamata, amene panthawiyo anali kutha. Mu 1928 akatswiri awiri ojambula, Ben Nicholson ndi Christopher Wood, akudutsa pakhomo pake, anaona zithunzizo chitseko chili chotsegula, ndipo anaima. Lero makatoni a nkhalamba ija akusungidwa m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera zaluso ku Britain. Chuma chake chinali chimodzi: nyanjayo ankaidziwa, chifukwa inamunyowetsapo, inamudyetsapo, inamuopsezapo.

Inu a kwa Kasisi, a kwa Maseya, a kwa Katunga, a ku Nchalo, Bangula ndi Nsanje, chuma chimenechi muli nacho kale. Dziko lathu lilibe nyanja ya mchere. Anzathu a ku Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhata Bay ali ndi Nyanja ya Malawi, ndipo amajambula mabwato ndi kulowa kwa dzuwa n'kumagulitsa kwa alendo. Ife gombe lathu ndi Shire, mtsinje wokhawo wotulutsa madzi m'nyanjayo, woyenda makilomita pafupifupi 400 kukathira mu Zambezi. Aliyense amene anatsikapo msewu wa M1 kuchokera ku Blantyre akudziwa malo aja okhotakhota, pamene chigwa chonse chimangoti yalu pansi panu: mtsinje ukunyezimira ngati lamba, minda ya nzimbe kubiriwira kutali, migwalangwa ili njo m'dambo, kenaka n'kutsikira pa Thabwa, kutentha n'kukulandirani. M'minibasi anthu amasiya nkhani n'kuyang'ana pawindo. Kukhala chete kumeneko ndiye chiyambi cha kujambula.

(Phokoso la madzi a pamathithi, kwa masekondi ochepa.)

MUULUTSI: Mwamva mkokomowo? Tiyerekeze kuti taima pa Kapichira. Mu Januwale 1859 David Livingstone anakwera mtsinje uno pa sitima yotchedwa Ma Robert, mpaka mathithi amenewa anamutsekera njira. Paulendo wake wa ku Zambezi anatenga katswiri wojambula, Thomas Baines, amene anajambula kwambiri za ku Tete. Analinso ndi John Kirk, sing'anga ndi katswiri wa zomera, amene ankajambula mitengo ndi malo amene ankadutsa. Ena mwa Akololo amene anabwera ndi Livingstone anatsalira m'chigwa muno, ndipo mmodzi wa iwo, Ramakukan, ndiye anakhala mfumu Kasisi. Mu 1875 sitima ya amishoni yotchedwa Ilala inaphwasulidwa kumunsi kwa mathithi, anthu mazanamazana n'kusenza zidutswa zake pamutu kulambalala mathithiwo mpaka kumtunda. Pambuyo pake kunabwera Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, amene anaphunzira kujambula ku London, ndipo buku lake la 1897, British Central Africa, lili ndi zithunzi zambiri zojambula yekha.

Zithunzi za alendowa n'zothandiza, zimatisonyeza mmene dziko linalili kalelo. Koma mlendo amajambula chimene chamudabwitsa iyeyo. Amaona mvuu, mlambe ndi mathithi. Sadziwa kuti dooko ili ndi la amayi, ilo ndi la abambo. Sadziwa kuti chilumba cha mchenga chija chaka chatha panalibe. Sadziwa fungo la dothi la makande mvula yoyamba ikagwa. Amene anasenza Ilala pamutu aja anaona chigwachi mwa njira yawoyawo, koma maso awo sanatisiyire chithunzi. Ntchito imeneyo yakhala ikudikira zidzukulu zawo.

Ndipo wina asakunamizeni kuti kujambula n'kwachilendo. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Amayi athu akamazira nyumba, amasankha dothi lakuda la m'munsi mwa khoma ndi loyera la m'mwamba, ena n'kuikapo maluwa ndi mizere. Ameneyo ndi wojambula, amadziwa kokumba mtundu uliwonse. Chigwa chino chinaberekanso katswiri wodziwika, malemu Kay Chiromo, wobadwira m'boma la Nsanje mu 1951, amene anakaphunzira ku Pratt Institute mumzinda wa New York ndipo ankaphunzitsa zojambula ku Chancellor College ku Zomba. Mwana wa m'fumbi lomweli.

(Valimba pang'ono.)

MUULUTSI: Tsopano tilowe m'kalasi. Amene muli ndi pensulo, lembani. Amene manja ali pakhasu, sungani m'mutu.

Choyamba ndi malo ndi nthawi. Pitani m'mawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo likapendeka. Masana dzuwa la kuno limayeretsa zonse, mithunzi imabisala pansi pa mitengo, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Sankhani malo okwera, pamthunzi, kutali ndi madzi. Ndibwereze: kutali ndi madzi. Munthu wojambula amaiwala zomuzungulira, pamene ng'ona siiwala. Musakhale m'bango, musakhale m'njira imene mvuu zimatulukira, ndipo ana asapite okha. Ku malo osungira nyama a Majete musadumphe mpanda. Kumeneko kuli njovu ndi mikango, ndipo amalowera pachipata ndi chilolezo.

Mukakhala pansi, musathamangire kulemba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani kaye mphindi khumi pensulo ili pansi. Dzifunseni: kuwala kukuchokera mbali iti? Chakuda kwambiri pamaso panga n'chiyani? Choyera kwambiri n'chiyani? Tsinzinani pang'ono, osatseka maso onse. Mudzaona masamba ndi timiyala zikusowa, n'kutsala zigawo zikuluzikulu zakuda ndi zowala. Zigawo zimenezo ndiye mafupa a chithunzi chanu.

Chigwa chathu n'chotakata, ndipo woyamba kumene amafuna kulowetsa zonse papepala limodzi. Tengani kachidutswa ka katoni, boolani kawindo kofanana ndi bokosi la machesi, muyang'anire pamenepo. Yendetsani kawindoko uku ndi uku mpaka mtima utagunda pa chinthu chimodzi: mwina bwato lomangidwa pachitsa, mwina njale yoyera thunthu itaima pakati pa mitengo yakuda, mwina mlatho wa Kamuzu ndi anthu a njinga akuwoloka. Chimene chakugwirani mtimacho ndicho mwini chithunzi. Zina zonse ndi operekeza.

Mzere woyamba kulemba ndi wa m'chizimezime, pamene dziko lakumana ndi thambo. Musauike pakatikati pa pepala. Ngati nkhani yanu ndi mitambo ya mvula imene yaunjikana pamwamba pa mapiri a Thyolo, tsitsani mzerewo kuti thambo lipeze malo. Ngati nkhani ndi madzi ndi mchenga, ukwezeni. Kenaka gawani zimene mukuona patatu: zapafupi, zapakati ndi zakutali. Zapafupi, monga bango la pamapazi panu, zikhale zakuda ndi zooneka bwino. Zapakati, monga tsidya linalo, zichepe mphamvu. Zakutali, monga mapiri, zikhale zotuwa, zopita ku mtundu wa thambo. Chifukwa chake n'chakuti pakati pa diso lanu ndi phirilo pali mpweya wambiri wokhala ndi fumbi, chinyezi ndi utsi. M'chilimwe, tchire likamapsa, mapiri aja amatsala pang'ono kusowa. Mvula ikatsuka mlengalenga, amasendera pafupi mpaka mumaona makwawa ake. Mlimi aliyense amazidziwa zimenezi. Wojambula amangoziika papepala.

Pofuna kuyeza kukula kwa zinthu, tambasulani mkono mutagwira pensulo choimika, tsekani diso limodzi, muone kuti mgwalangwa uja ukufika pati papensulopo, nanga munthu amene waima pansi pake akufika pati. Mudzadabwa kuona kuti bwato la kutsidya silikwana n'chikhadabo chanu chomwe. Lembani chimene diso laona, osati chimene mutu ukudziwa.

Nanga madzi? Apa m'pamene ambiri amalakwa. Mwana wa sukulu akapatsidwa makrayoni, mtsinje amaupaka buluu, chifukwa ndi mmene anaonera m'buku. Koma inu munauonapo liti Shire ali buluu yekhayekha? Mu Febuluwale amakhala wofiirira ngati tiyi wothira mkaka, atasenza dothi la kumtunda. M'nyengo yozizira amadekha n'kubiriwira pang'ono. M'bandakucha amatuwa ngati lata, madzulo amayaka ngati makala. Madzi amabwereka mtundu kuthambo ndi kuzimene asenza. Pojambula, mizere ya pamadzi igone chopingasa, ndipo chithunzithunzi cha mtengo chitsike molunjika pansi pa mtengowo, choduka-duka pamene madzi akuthamanga. Siyani malo ena pepala lili loyera. Pamenepo ndiye pamene dzuwa lamenya. Ndipo funsani msodzi. Iye akayang'ana pamadzi amadziwa pozama, pamchenga ndi pamene pali mtengo womira. Diso limenelo ndilo mukulifuna.

(Kulira kwa nkhwazi, kenaka valimba.)

MUULUTSI: Ndikumva wina akuti, "Zonsezo n'zabwino, koma penti ndi bulashi ndizitenga kuti?" Kumbukirani makatoni a Wallis. Kumbukiraninso Edward Tingatinga wa ku Dar es Salaam, amene cha m'ma 1968 anayamba kujambula nyama ndi mbalame ndi penti wa njinga pa timatabwa totchipa, ndipo lero kajambulidwe kake kamadziwika ndi dzina lake dziko lonse.

Utoto uli pansi pa mapazi anu. Katondo akupatsani kufiira, makande akupatsani kuda kotuwira, dothi la m'makwawa ena likupatsani chikasu, makala akupatsani kuda kwenikweni, phulusa losefa kapena choko zikupatsani kuyera. Yanikani dothilo, liperani pamwala mpaka lisalale, lisefeni pa kansalu. Kuti ligwire papepala, tolani utomoni umene umatuluka pamtengo wa mthethe, muuviike m'madzi ofunda usiku wonse, ndipo madzi omatawo musakanize ndi ufa wa dothi uja. Dziwani kuti utoto wa madzi wogula m'sitolo nawonso amaumanga ndi utomoni wa mitengo ya mtundu womwewo. Bulashi ndi kamtengo kotafuna kunsonga ngati mswachi, kapena nthenga ya nkhuku. Makala ojambulira mungapange nokha: dulani timitengo towongoka, tiikeni m'kachitini kotseka koboola kabowo kamodzi, ikani pamoto mpaka utsi utasiya kutuluka, dikirani kazizire musanatsegule. Pepala likasowa, katoni ya sopo ilipo. Chithunzi cha Shire chopakidwa ndi dothi la m'mbali mwa Shire yemweyo chili ndi mtundu umene sitolo iliyonse singakugulitseni.

Maphunziro a kugombe aja a ku St Ives, mphamvu yake ina ndi gulu. Inunso pangani lanu. Anthu anayi kapena asanu, Loweruka m'mawa, malo amodzi. Aphunzitsi a Expressive Arts m'sukulu za pulaimale, tulutsani ana m'kalasi tsiku lina, akhale pansi pa mlambe ajambule mlambewo. Mukatha, yalani zithunzi zonse pansi muziyang'ane pamodzi. Mudzaona kuti anthu asanu anayang'ana malo amodzi, koma wina waona kakowa, wina waona mayi wosenza mtolo wa bango, wina waona mtambo wokha. Pokambirana musayambe ndi kuseka cholakwika. Yambani ndi funso lakuti, "Iwe unaona chiyani chimene ine sindinachione?"

Musaiwale ulemu. Padooko pamene anthu akusamba sipojambula. Munthu amene mukufuna kumuika pachithunzi, mupempheni. Kumanda, kudambwe, ndi malo opatulika ngati Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wa Mbona, kuli eni ake ndi malamulo ake. Yambani mwaonekera kwa amfumu.

(Valimba, motsika kwambiri, zipitirire pansi pa mawu.)

MUULUTSI: Omvera, pali chifukwa china chachikulu chimene ndikukupemphani kuti mujambule. Ife a kuchigwa tikudziwa kuti madzi saiwala khwawa. Tinaona chigumula cha Januwale 2015. Tinaona namondwe Ana mu Januwale 2022 akugumula damu la Kapichira, dziko lonse n'kukhala mumdima. Tinaona Freddy mu Malichi 2023. Chigumula chilichonse chikapita, mtsinje umakhala utasuntha. Pamene panali dimba pali mchenga, pamene panali mkuyu wokumanirana pali madzi, midzi ina inasamukira kumtunda. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera pa Kapichira nayonso ikusintha maonekedwe a dera lino. Dambo la Elephant Marsh, limene mu 2017 linaikidwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar, limakula ndi kuchepa chaka ndi chaka. Mwana wobadwa lero adzafunsa kuti, "Agogo, kumudzi kwathu kwakale kunali kotani?" Foni imatayika, imagwera m'madzi, imafufutika. Koma ngakhale chithunzi cha papepala chitanyowa, munthu amene anakhalapo maola awiri akujambula malo, malowo amakhala m'mutu mwake mpaka kalekale. Atha kuwajambulanso, monga nkhalamba ya ku St Ives inkajambulira maboti amene anali atatha.

Ndiye nayi ntchito ya sabata ino. Sankhani malo amodzi, osapitirira mtunda woyenda pansi kuchokera pakhomo panu. Ajambuleni kanayi: m'mawa, madzulo, tsiku la mphepo ya mwera, ndi tsiku lina lililonse limene mtima wafuna. Katswiri wa ku France, Claude Monet, ankachita zomwezo: mu 1890 ndi 1891 anajambula milu ya tirigu ya m'munda wa pafupi ndi kwawo maulendo oposa 20, chifukwa kuwala kunali kosiyana nthawi iliyonse. Kuseri kwa chithunzi chilichonse lembani dzina la malowo, tsiku ndi dzina lanu. Choyamba mwina sichikukondweretsani. Chisungeni ndithu, chifukwa ndicho chidzakusonyezeni mtunda umene mwayenda mukadzafika pa chachinayi. Mukatha, kachionetseni kwa munthu wamkulu wa m'mudzimo, mumufunse mmene malowo analili iye ali mwana. Mudzabwerako ndi chojambula chachisanu.

Kwa mwana uja wakuti kuno kuli fumbi ndi dzuwa basi, ndikuti: fumbilo ndiye utoto wako, dzuwalo ndiye mphunzitsi wako, ndipo Shire akudikira mawa m'mawa. Kwa lero tilekere pomwepa.

(Valimba zikwere mpaka kumapeto.)